Purwokerto si Purwakarta

Gulu: LEUTAK akale
Tatang, Imas, Bagja

LACHISANU

19:12 Bagja: ndafika.

19:12 Bagja: pa siteshoni. mdima. mvula yangokata kumene.

19:13 Bagja: Kang Tatang, shoo ya mawa ili mbali iti?

19:20 Tatang: EEE

19:20 Tatang: nambala imeneyi mwini wake alipo??

19:21 Tatang: zaka zitatu gulu lili zii, lero munthu angoti "ndafika" ngati anapita kogula fodya

19:21 Bagja: ndinapitadi kogula fodya. mzere unali wautali.

19:22 Tatang: galu iwe kkkkk

19:22 Tatang: wachokera kuti?

19:23 Bagja: Surabaya. ndisanafike uko Makassar. Balikpapan. kwina ndaiwala.

19:23 Bagja: ndimamanga masipika m'maukwati. nyimbo zovina za dangdut kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa.

19:24 Tatang: woimba besi wa bandi yathu ya Leutak kusenza masipika a dangdut. Mulungu sadikira kuti ufe kaye eti

19:25 Bagja: ndinaona posita imene Imas anaponya muno. masabata awiri apitawa.

19:25 Bagja: pansi mwalemba "malo: funsa mnzako". nde ndikufunsa.

19:26 Tatang: masabata awiri osafunsa, ukudzafunsa utaima kale pa siteshoni

19:26 Bagja: ndikanafunsa ndili kutali sindikanabwera.

19:27 Tatang: ok bho. tuluka geti lalikulu, ukwere ojek, kabaza wa njinga yamoto uja, umuuze ku shedi yakale ya matailosi kuseri kwa msika. tili konko ine ndi Imas tikumanga zinthu. aneba tawauza kuti ndi phwando la mphwanga, nde ukafika uziti happy birthday

19:31 Bagja: a ojek ali mbwee. aliyense "mas, mas".

19:31 Bagja: ndatembenuka kawiri. ndimayesa akuitana Imas.

19:32 Bagja: ife timamudula dzina choncho. ndinaiwala kuti kwina ndi mmene amaitanira mwamuna aliyense.

19:32 Tatang: taima kaye

19:32 Tatang: akukuitana kuti chani?

19:33 Bagja: mas.

19:33 Tatang: kwathu kuno wa ojek amati kang. mas ndi kwa aJava uko

19:33 Tatang: tajambula chikwangwani cha siteshoni

19:35 Bagja: [chithunzi: chikwangwani cha siteshoni, zilembo zoyera, PURWOKERTO]

19:36 Tatang: [voice note 0:34, kuseka kokhakokha, kutsokomola, kenako: "Mas! Imas! tabwera udzaone chitsiru chako!"]

19:37 Tatang: purwaKARTA mbuzi iwe. KARTA. uli maola 8 pa sitima kuchoka pa shoo

19:39 Bagja: posita yanuyo yalembedwa ngati mizu ya mtengo.

19:39 Tatang: ndinaijambula sabata yathunthu. mayi anga sanawerenge olo chilembo chimodzi. nde kuti inatheka

19:40 Bagja: pakati pali chinthu chozungulira chokhala ndi minga. ndinati ndi O.

19:40 Tatang: ndi A yotuluka magazi

19:40 Bagja: nanga inayo?

19:41 Tatang: nayonso ndi A. yapachikidwa pa mtengo

19:41 Tatang: zaka 7 unaimba mu bandi ya rock yolemera ya doom, posita ikukukanika kuwerenga. manyazi kwmbr

19:43 Bagja: Imas wati chani?

19:45 Tatang: wayang'ana foni. waitembenuza pa tebulo. wabwerera kukamanga ng'oma zake

19:52 Bagja: palibe kanthu. shoo ina.

19:53 Tatang: palibe ina Bagja

19:53 Bagja: ?

19:55 Tatang: [voice note 0:49, akulankhula motsitsa, panja: "Tamvera. Khutu lakumanzere la Imas linapita chaka chatha. Lakumanja limalira usana ndi usiku, akuti ngati ketulo. Dokotala wamuuza kuti akapitiriza kukhala pakati pa maampu athuwa, zonse zidzangoti zii. Nde mawa ndi komaliza. Mabandi anayi, awiri a rock ya sludge ochokera ku Bandung, ina ya ku Bekasi, ife otseka. Akatsika pa siteji ng'oma akugulitsa. Usamuuze kuti ndakuuza. Aa, ali mu gulu momwemu eti. Basi wamva."]

20:01 Bagja: sanandiuze.

20:02 Tatang: anakuponyera posita. kwa Imas imeneyo ndi kalata ya masamba khumi

20:09 Bagja: muimba Njanji?

20:10 Tatang: ayi. tinaichotsa kalekale

20:10 Bagja: nyimbo yathu yabwino yokhayo.

20:11 Tatang: zkm, zina 11 ndinapeka ine

20:12 Tatang: vuto ndi pa zii paja. pamene tonse timasiya, holo yonse chete, kenako besi ndi ng'oma kugwera limodzi. Deden amene anatenga malo ako ndi munthu wabwino, koma ndi mphunzitsi wa masamu. amawerenga

20:13 Tatang: tsiku lina afika 24 nkulowa, Imas asanagwe. lina afika 30, Imas wagwa kale. zimamveka ngati munthu wagwa pa masitepe ndi mapoto

20:14 Tatang: ndinamuuza kuti palibe nambala. kuti situdiyo yathu ku Kiaracondong inali kuseri kwa njanji, sitima ikamadutsa sitinkamvana nde tinkangosiya mpaka idutse, zii ameneyo nkulowa mu nyimbo

20:14 Tatang: akuti ya mabogi angati kkkk

20:15 Bagja: situdiyo ilipo?

20:15 Tatang: pano amachapamo zovala

20:31 Bagja: ndapeza chipinda. pafupi ndi siteshoni. windo likuyang'ana njanji.

20:32 Bagja: mayi wa pa kalesitilanti wandipatsa mendoan, soya yokazinga mu ufa. yofewa ngati sinapse. akuti ndi mmene amadyera kuno.

20:32 Bagja: nayenso "mas, tsabola?"

20:33 Bagja: ndatembenukanso.

20:40 Bagja: ndafunsa za sitima. m'mawa zilipo ziwiri.

20:40 Bagja: 6:05 yobwerera ku Surabaya. 6:20 yodzera ku Bandung mpaka Purwakarta.

20:41 Tatang: nde ukundiuziranji ziwiri? ilipo imodzi

20:43 Bagja: Kang, ndinene zoona.

20:43 Bagja: sindimafuna kuti mundione. ndimafuna ndiime kumbuyo. pafupi ndi chitseko. ndimvere. ndituluke magetsi asanayake.

20:44 Bagja: ndalemba muno cz panalibe wina womufunsa.

20:45 Bagja: pano ndasochera ndi tauni yonse. mwina ndi chizindikiro.

20:46 Imas: ndi chizindikiro choti sudziwa kuwerenga.

20:46 Tatang: 👀

20:47 Tatang: ine ndikukagula mpunga. sindikuwerenga chilichonse

20:49 Bagja: Mas.

20:49 Bagja: uli bwnj?

20:53 Imas: ndili ndi khutu limodzi. wamva kale.

20:53 Imas: ngati ukubwera kudzaima pa chitseko, kwera ya 6:05. pa chitseko pali kale wodinda anthu m'manja.

20:54 Bagja: sry.

20:55 Imas: ya chani? ya lero kapena ya Lachiwiri lija?

20:56 Bagja: zonse.

20:59 Imas: tsiku lojambula album. ndinafika 9 koloko. ndinamanga ng'oma. besi yako itatsamira pa ampu, chifukwa unaisiya dzulo lake kuti usavutike nayo pa njinga.

21:00 Imas: Kang Tatang ankati wagwidwa ndi jamu ya magalimoto. 11 koloko jamu. 1 koloko jamu.

21:00 Imas: 3 koloko amayi ako ndi amene anayankha foni. akuti wanyamula chikwama mbandakucha.

21:01 Imas: sitima zinayi zinadutsa tsiku limenelo. ndinaziwerenga. ine amene sindiwerenga.

21:04 Bagja: ndinachita mantha.

21:04 Imas: ndi maiki?

21:05 Bagja: tikanajambula zikanakhala zenizeni. album. maulendo. tauni imodzi chaka ndi chaka. iwe.

21:05 Imas: ine chani?

21:11 Imas: Bagja.

21:12 Bagja: dikira. ikubwera.

21:14 Bagja: [voice note 1:07, belu la pa geti la njanji. sitima ya katundu ikudutsa pafupi, windo likunjenjemera. phokoso likuchepa, likupita, latha. chete wautali. kenako Bagja akung'ung'udza pakhosi, mawu otsika a besi: "dummm"]

21:15 Bagja: ya simenti. yaitali.

21:15 Bagja: kulikonse kumene ndagona pafupi ndi njanji ndimachita zimenezi. ku Makassar kulibe sitima mtauni. ndinkachita ndi malole.

21:33 Imas: wachedwa kulowa.

21:33 Bagja: ayi.

21:36 Imas: [voice note 1:09, voice note ya Bagja ikulira pa sipika. sitima, kenako chete. pamene Bagja akuti "dummm", timitengo tiwiri tikugwa pa tebulo nthawi yomweyo]

21:36 Imas: ayi. sunachedwe.

21:37 Imas: ndaikweza mpaka kumapeto, ndaiyika ku khutu lakumanja. ndayesa kamodzi kokha.

21:40 Imas: ndikufunse. Deden wandifunsa zaka zitatu, ndilibe chomuyankha.

21:40 Imas: pa siteji panalibe sitima. unkadziwa bwanji polowa?

21:41 Bagja: sindinkadziwa.

21:41 Bagja: ndinkaima kumanzere kwako. ndinkayang'ana phewa lako. ukakoka mpweya limakwera. likakwera ndagwa.

21:43 Imas: bodza.

21:43 Bagja: zoona.

21:44 Imas: ine ndinkakoka mpweya ndikaona chala chako chafika pa nsambo.

21:44 Bagja: chala chinkapita pa nsambo phewa likayamba.

21:45 Imas: phewa linkayamba chala chikasuntha.

21:45 Tatang: ASA

21:46 Tatang: zaka 7 ine nditaima kutsogolo ndi gitala, thukuta kamukamu, anthu 80 akundiyang'ana, inu awiri aliyense akudikira mnzake??

21:46 Tatang: nde ankayamba ndani?

21:47 Imas: Kang mumati mukukagula mpunga.

21:47 Tatang: ndagula. ndikudya. ndikufunsa

21:52 Tatang: palibe woyankha eti

21:53 Tatang: ok. ine shedi ndatseka. Bagja, 6:20. ukakwera inayo ndikujambula pa posita, ndipo aliyense adzawerenga

21:58 Bagja: Mas. besi ija inapita kuti?

22:00 Imas: ili kwanga. kuseri kwa wadirobu.

22:00 Imas: Deden anaipempha. yake ndi yopepuka, ukaitsitsa mawu nsambo zimangolendewera ngati zingwe zoyanikira.

22:01 Bagja: unamupatsa?

22:01 Imas: ndati ili kuseri kwa wadirobu.

22:01 Imas: nsambo zinachita dzimbiri. sizingaimbe.

22:03 Bagja: mchikwama mwanga muli malaya awiri. mswachi. tchaja.

22:03 Bagja: ndi nsambo zinayi zonenepa zija. zatsopano. ndinagula ku Balikpapan chaka chatha.

22:04 Imas: uli ndi besi ina?

22:04 Bagja: ayi.

22:08 Imas: sindikupempha Bagja. ndinakudikira kamodzi, zinakwana. ndinaponya posita. basi.

22:08 Imas: foni ndikuthimitsa. ndikagona mochedwa khutu limalira kwmbr.

22:09 Bagja: gona bwino.

22:20 Bagja: yadutsa ina. ya anthu. yaifupi.

22:21 Bagja: pa ukwati wina ku Gresik woimba ng'oma anali mkazi. wamanzere ngati iwe. ndinalumikiza waya molakwika. sipika inapsa.

22:21 Bagja: sindikudziwa ndikukuuziranji.

22:34 Bagja: unandifunsa kuti iwe chani.

22:35 Bagja: [uthenga wafufutidwa]

22:41 Bagja: kumbuyo kwa holo kunali kosavuta. ukanagwa wekha pa zii, ine nkumva, nkupita. ndikanadziwa kuti zikuyenda popanda ine.

22:41 Bagja: pano mwati Njanji simuimba nkomwe.

LOWERUKA

04:31 Bagja: mzikiti waitana. sindinagone kwenikweni.

05:18 Bagja: pa siteshoni. khofi wa mkapu ya pepala. akusesa.

05:26 Bagja: bwana wa masipika watumiza uthenga. mawa ukwati ku Sidoarjo. akuti ndikapanda kuoneka lero madzulo, alemba wina.

05:27 Bagja: ndi ntchito yoyamba imene ndakhalitsa miyezi 8.

05:40 Bagja: Kang?

05:44 Bagja: Mas?

05:49 Bagja: zala zanga zinafewa. zaka zitatu. ndikhoza kukuwonongera nyimbo yomaliza pamaso pa anthu.

05:49 Bagja: ndiye ukhale nayo mkhutu moyo wonse.

05:55 Imas: [chithunzi: katoni yong'ambidwa, mndandanda wa nyimbo za usiku uno wolembedwa ndi maka yakuda. zisanu zoyamba m'zilembo za minga za Tatang. pansi penipeni, m'zilembo zikuluzikulu zoongoka: NJANJI]

05:55 Imas: yomalizayo ndalemba ndekha. zilembo za ana a sukulu. uwerenge mofatsa.

05:56 Imas: Deden ndamuimbira. akuti nyimbo imodzi atsika mosangalala, mutu umamupweteka nayo.

05:57 Imas: ukapanda kubwera ndiimba ndekha ndi Kang Tatang. pa zii ndidikira chala chimene palibe. anthu adzatopa, adzapita kwawo.

05:57 Bagja: umati sukupempha.

05:58 Imas: sindikupempha. ndikukuuza pulogalamu.

06:01 Bagja: ya ku Surabaya yalowa. njanji yachiwiri.

06:05 Bagja: yanyamuka.

06:05 Imas: uli mkati?

06:09 Imas: Bagja

06:14 Imas: ok.

06:22 Bagja: [voice note 0:41, mkati mwa sitima, zitseko zikutsekeka, mawilo akuyamba pang'onopang'ono. mawu a mkazi pa sipika akutchula masiteshoni: "...Tasikmalaya, Kiaracondong, Cimahi, Purwakarta..."]

06:23 Bagja: pa windo la matikiti panali mzere. wautali. ulendo uno ndi zoona.

06:23 Bagja: wogulitsa ndamuuza atchule dzina la tauni kawiri.

06:24 Bagja: idutsa kuseri kwa situdiyo. ochapa zovala asiya kulankhula chifukwa cha ine.

06:26 Tatang: ndadzuka. ndaphonya chani

06:26 Tatang: ooo

06:27 Tatang: sindikulira. ndi utsi wa mbaula

06:29 Imas: ukatsike pa A. osati pa O.

06:29 Imas: besi ndibwera nayo. nsambo ukamange wekha.

06:30 Imas: ndipo lero uima kumanja kwanga. kumanzere sindingakumve.

06:33 Bagja: phewa limenelo sindilidziwa.

06:34 Imas: nalonso limakwera.